Thabwa Limene Ndinakwecha ku Mirdif

Ine ndinabadwa wokwecha. Ena Mulungu anawapatsa mawu oimbira kwaya, ena mutu wa masamu, ine anandipatsa mkono. Malemu mayi anga ankati poto ukamaliza kutsuka uzidziona mano, ndipo ukapanda kudziona ankakubwezera kumchenga. Nditakwera ndege kupita ku Dubai kukagwira ntchito ya m'nyumba, sindinkaopa chilichonse. Ndinkati Chingerezi chikandivuta, mapoto adzandilankhulira.

Ndinagwera m'nyumba ina ku Mirdif, dera lina la mu Dubai, kwa madamu a ku Japan. Anali ndi bwana amene ankakhalira maulendo a ntchito, ndipo mwana wawo mmodzi anabadwa ine nditatha kale chaka m'nyumbamo. Madamu anali munthu wochepa thupi, woyenda ngati sakuponda pansi, ndipo sankakalipa. Musaganize kuti umenewo ndi mwayi. Munthu wokalipa umadziwa pamene wathera. Madamu anga ankangokuyang'ana, kenaka n'kukweza chala.

Chala choyamba chinakwera mwezi woyamba. Ndinapeza mu firiji timapaketi ta nyemba zonunkha, zotuluka ulusi ngati therere la dzana. Ndinawamvera chisoni madamu kuti ntchito yawachulukira mpaka kuiwala zowola. Ndinataya zonse, n'kutsuka firiji ndi mandimu. Kunapezeka kuti nyembazo zimadyedwa choncho, m'mawa, ndipo anakazigula kutali. Chala chachiwiri chinakwera chifukwa cha ketulo. Anali ndi ketulo yachitsulo, yolemera, yakuda bii kunja ndi m'kati. Tsiku lina iwo atapita ku ofesi ndinaikhalira pansi ndi waya wanga wokwechera mapoto, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo ndinadziona mano. Madamu anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti kuda kumeneko kunatenga zaka zambiri kuti kufike pamenepo. Patangotha masiku ochepa ketulo inachita dzimbiri.

"Kawiri," anatero madamu atakweza zala ziwiri. "Kachitatu, khalas."

Khalas ndi mawu Achiarabu amene aliyense ku Dubai amawadziwa, ngakhale wobwera dzulo. Ndiye kuti zatha, longedza.

Kontirakiti yanga ya zaka ziwiri inali pafupi kutha pamene mliri uja unafika. Ife antchito a m'nyumba sitiuzidwa kuti tikukuonjezera kontirakiti. Umangomva tsiku lina madamu akuti tipite ku medikolo, kokayezetsa magazi ndi chifuwa kuti viza ikonzedwenso. Ukamva mawu amenewo ugone tulo, ntchito ilipo. Akapanda kutuluka, yamba kufunsa mtengo wa sutikesi. Madamu anga anali asanatchule medikolo ngakhale mwangozi. Anzanga ambiri anali atachotsedwa ntchito, ali mbwee m'tizipinda ta ku Deira, ndege zopita kwathu kulibe. Ine ndinali ndi ana awiri pasukulu ku Zomba, ndi chala chimodzi chotsala.

Sabata imene anatseka mabwalo a ndege, bwana anali kunja ndipo anatsekeredwa komweko. M'malo mwawo tinatsekeredwa ndi bambo awo a madamu, amene anabwera kudzaona mdzukulu kwa masabata awiri okha. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa la ku Dubai linawalephera. Ndinkawaitana agogo. Anali nkhalamba ya dazi lowala, ya mimba yozungulira, yoseka ndi mapewa. Mirdif ili pansi pa njira ya ndege, moti masiku onse tinkakhalira kudikira kuti phokoso lidutse tisanamalize chiganizo. Ndege zitaleka kuuluka kumwamba kunangoti zii, ndipo agogo analowa m'malo mwake. Akagona masana atadya, mkonono wawo unkadutsa zitseko ziwiri n'kundipeza ndikusita kuseri.

Bambo ndi mwana wake sankayankhulana kwenikweni. Patebulo ankapatsirana mchere mwaulemu ngati anthu okumana m'basi. Ndinkangodziwa kuti mayi awo a madamu anamwalira chaka chapitacho. Madamu ankakhala pamwamba ndi kompyuta, misonkhano yosatha. Agogo ankadzitsekera m'chipinda chawo, ndipo zimene ankachitamo sindinkazidziwa. Ndinkangomva kuti kwe, kwe, kwe, ndipo m'mawa uliwonse ndinkasesa tizipalapasiro ta mtengo pakhomo pawo. Ndinaganiza kuti akusema chipande kuti nthawi ipite.

Masiku amenewo lamulo la m'nyumba linali limodzi: chilichonse chitsukidwe. Mapaketi a mkaka, makiyi, nsapato, ngakhale nthochi. Kunja magalimoto ankapopera misewu mankhwala, m'nyumba ndinkapopera ine. Kunena zoona ndinasangalala. Dziko lonse linali litavomereza kuti mayi anga ankanena zoona.

Ndiye tsiku lina masana, agogo ali m'kati mwa mkonono, ndinapeza thabwa atalitsamiritsa pa sinki ya kuseri, pafupi ndi chipinda changa. Linali lalikulu ngati thireyi, lakuda ngati pansi pa mbaula, lokumbikakumbika ngati ladyedwa ndi chiswe. Ndikaligwira zala zinkada. Ndinati, Ambuye, tizilombo tonse ta mliriwu tikagona m'maenje amenewa. Ndinawiritsa madzi. Ndinathira bulichi. Ndinaliviika kwa ola lathunthu kuti lifewe, kenaka ndinatenga waya watsopano. Panali timizere tina tating'ono totukuka, toonda ngati tsitsi, timene tinkasunga kudako mwamakani. Ndinalimbana nato mpaka tinagonja. Nditamaliza ndinakaliyanika pakhoma, padzuwa la masana la ku Dubai, limene limaumitsa thawulo usanamalize kupachika linzake.

Pokalitenga linali litapindika ngati chikwatu cha nkhuku, mng'alu utadutsa pakati. Koma kuyera kokha linayera. Ndinalinyamula ndi manja awiri kukawapatsa agogo atangodzuka.

Analandira. Analitembenuza. Anavala magalasi, n'kuyendetsa chala pamene panali timizere tija. Kenaka anakhala pansi, pa matailosi penipeni, n'kutulutsa kamawu kakang'ono ngati mpira ukuphwa. Pomwepo ndinadziwa kuti ketulo ija yabweranso.

Ndinagwada. Kwathu ukalakwira munthu wamkulu umagwada, palibe zokambirana. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kwawonso amagwada, ndipo amakaniza kupambanidwa. Agogo ataona ndagwada, nawonso anagwada, n'kuweramitsa mutu. Ine ndinati sizingatheke nkhalamba kundigwadira wolakwa ndine, ndinatsika ndi zigongono. Iwo anagunditsa chipumi pansi. Ine ndinagona chafufumimba. Tinakhala choncho m'khonde, mitu itayang'anana, ine ndikuti pepani agogo, iwo akunena zawo m'Chijapanizi, pamwamba madamu ali pamsonkhano. Amene anayamba kuseka ndi iwo. Ndinaona mapewa akugwedezeka, koma atadzutsa mutu m'maso munali misozi.

Anandilowetsa m'chipinda chawo koyamba. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka ngati changa, ndiye tinkathandizana ndi manja ndi foni yomasulira. Anatulutsa buku lakale la mapepala ofewa, losokedwa ndi ulusi kumsana, lotsegulira kumene ife timati kumapeto. Tsamba lililonse linali ndi munthu atakhala mwaufumu, atavala zovala zolemera, pamwamba pake mizere ya malemba yotsika pansi ngati mvula. Ndinaganiza kuti ndi mafumu awo kapena oyera mtima. Agogo anapukusa mutu. Anati ameneyu ndi wogulitsa mafuta, uyu wa malo ogona alendo, uyu kalaliki, ndipo malembawo ndi ndakatulo zanthabwala. Uyu akudandaula kuti udzudzu umamukonda kuposa mkazi wake. Uyu akutsanzikana ndi dzino lake lomaliza. Anandionetsa lina la tizilombo ndi mbalame zojambulidwa mokongola zedi, pambali pa chiwala chilichonse pali munthu akudziseka pa za chikondi.

Anandifotokozera kuti kalekale kwawo anthu ankapanga magulu a ndakatulo zoterezi, za mizere isanu basi, aliyense n'kudzipatsa dzina lopusa, kenaka n'kusonkherana kuti asindikize buku lokhala ndi zithunzi zawo. Makina kunalibe. Wina ankajambula papepala lopyapyala, wina n'kumata pepalalo chadodolido pathabwa n'kusema, kuchotsa mtengo wonse kusiya mizere yokha itatukuka, wina n'kupaka inki ndi kudinda tsamba limodzilimodzi ndi dzanja. Mwambowo unatsala ndi anthu ochepa. Agogo anali m'kagulu kotero ka nkhalamba za m'tauni yawo, ndipo wosema ndi wodinda anali iwowo. Akazi awo analinso m'gululo, ndipo agogo anati pakamwa pawo panali poopsa kuposa onse.

Apa anakhudza thabwa langa loyera lija. Pamenepo panali ndakatulo yomaliza ya malemuwo, imene analemba ali m'chipatala, ndi chithunzi chawo. Agogo anasema kwa mwezi wathunthu. Tsiku lomwelo anali atangopaka inki yoyesera. Ankafuna kudinda tsamba loyamba n'kupatsa mwana wawo pa tsiku lokwanitsa chaka chimwalirireni mayi ake, ndipo tsikulo linali litatsala masabata atatu. Thabwalo linali la mtengo wa kwawo wolimba bwino, ndipo anabwera nalo limodzi lokha.

Timizere toonda ngati tsitsi tija linali tsitsi ndithu. Ndinali nditakwecha mutu wa malemu ndi waya wa mapoto.

Ndinalira, osati pang'ono. Ndinalirira mayi amene sindinawaonepo, komanso, ndisaname, ndinalirira chala chachitatu. Agogo anaika chala chawo pamilomo n'kuloza kudenga, kumene kunali madamu. Chithunzi choyamba cha papepala chinathera pathabwa, koma anali ndi china chofanana nacho m'kope mwawo. Anati tikapeza thabwa, masabata atatu akwana.

Madzulo ake ndinaimbira mnzanga wa ku Chipata, amene ankalera ana nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Chitsekereni misewu tinali tisanaonane.

"Iwe sisi, wapanga scrub chani?" anafunsa.

"Akazi awo a agogo."

"Si anamwalira?"

"Eya. Ndawamalizitsa."

Anaseka mpaka foni inagwa. Atayitola anati, "Mwana wa amayi, yamba kupanga pack. Madam akamva, khalas, ubwera kugona pansi pa bed yanga. Koma nakuuza kangati kuti m'manyumba mwa anthu awa chinthu chakuda usagwire? Ukaona chakuda, panga salute, pita."

"Nanga thabwa ndilipeza kuti?"

"Permit amapatsa ya supermarket na pharmacy chabe. Ukalembe kuti ufuna kugula pulanga, uone ngati police sabwera kukupima mutu. Sakila m'nyumba mwamene, habibti, wokondedwa wanga. Inshallah upeza."

Tinasakadi m'nyumba, ine ndi agogo, ngati akuba awiri. Shelefu ya mu wadiropu inaoneka bwino, koma mpeni utangolowa inanyenyeka, munali utuchi wokhawokha womata. Bokosi la malalanje linali lopyapyala. Thabwa la pansi pa bedi langa linali ndi mfundo paliponse. Agogo ankagogoda chilichonse ndi chala n'kutchera khutu, ngakhale chitseko cha bafa, ndipo tsiku lina ndinawapeza akuyang'ana tebulo lodyera ndi maso amene sindinawakonde.

Tsiku lachitatu ndinakumbukira. M'kabati ya pamwamba penipeni kukhitchini, kuseri kwa mapoto a alendo, munali thabwa lodulirapo ndiwo lokulungidwa m'nsalu yabuluu. Zaka ziwiri zonse sindinaone madamu akulitsitsa. Tinkadulira pa mapulasitiki. Ndinati ichi ndi chinthu choiwalika, mwina mphatso ya paukwati imene sanaikonde. Ndinakwera pampando n'kulitsitsa. Linali lochindikala, loyera ngati batala, losalala mbali zonse, lopanda ndi chipsera chimodzi cha mpeni.

Agogo anamasula nsaluyo n'kutulutsa thabwalo. Analinunkhiza. Analigogoda. Kenaka mapewa aja anayamba, mpaka anatsokomola, ine n'kuthamangira madzi poopa kuti madamu amva chifuwa n'kuitana ambulansi.

"Madamu salifuna?" ndinafunsa.

"Sanaligwiritsepo ntchito," anatero agogo.

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phula ndinadyabe, chifukwa yankho limenelo ndinalilandira msangamsanga osalitembenuza. Ndinkafuna thabwa, ndipo thabwa linapezeka. Nsalu yabuluu ija ndinaikulungira thireyi yakale n'kuibwezera m'kabati kuti malo asaoneke opanda kanthu.

Masabata otsatirawo ndi amene ndimawakumbukira ndikamva anthu akunena za mliri. Tinasamutsira ntchito m'kachipinda kochapira, chifukwa m'nyumba makina oziziritsa ankaumitsa mapepala, ndipo pepala lodindapo limafuna likhale lachinyontho ngati mkate wa lero. Ndikamaliza ntchito, mwana atagona, ndinkakhala pa ndowa yovundikira n'kumaonerera. Agogo ankagwira kampeni ngati akugwira cholembera ndi chibakera, chala cha dzanja lina chikukankha kumbuyo. Chilichonse ankasema chotembenuka, kumanja kukhala kumanzere, malemba omwe. Mtengo uwu unali wofewa kuposa woyamba uja, ndiye tsitsi la malemu linanenepako. Agogo anati palibe kanthu, mayiwo ankadandaula moyo wawo wonse kuti tsitsi lawo ndi lochepa.

Pakona pa thabwa anasema kamphako koikapo ngodya ya pepala kuti lisasunthe. Anati mabuku akale aja mtundu uliwonse unali ndi thabwa lakelake, lofiira lake, lobiriwira lake, ndipo kamphako kakalakwika pang'ono milomo ya munthu imakagwera pachibwano. Ife tinali ndi thabwa limodzi, ndiye malemu anayenera kukhutira ndi wakuda.

Inki amaisakaniza pathabwa pomwepo ndi phala la ufa wa mpunga, n'kupaka ndi burashi. Phala limeneli agogo linkawavuta. Pa chitofu chamagetsi ankapanga zibuma zokhazokha, n'kumazisefa ndi sokosi. Tsiku loyamba kuliona m'kapu ndinayesa la mwana, ndinathira shuga n'kumwa, ndipo silinali loipa. Nditadziwa ntchito yake ndinawalanda poto. Munthu amene waphikira ana awiri phala sangagonje ndi supuni ziwiri za ufa. Langa linatuluka losalala ngati mafuta odzola, agogo analiyang'ana n'kundiweramira. Ndinawagwira paphewa msanga tisanayambirenso za m'khonde zija.

Chodindira chake ndi kambale kozungulira kokwana m'dzanja, kokutidwa ndi khoko la nsungwi. Umaika pepala pathabwa n'kumatikita kumsana kwake mozungulira. Kuti katerereke bwino kamafuna mafuta pang'ono, ndipo agogo anati amisiri akale ankangokapukuta m'tsitsi mwawo. Anandionetsa pa dazi lawo, kambale n'kulira kuti kwii. Ndinakatenga botolo langa la mafuta a nsatsi a m'tsitsi. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yathu inkanunkha ngati saluni ya ku Chinamwali.

Tsamba loyesera litatuluka ndinaona mayiwo koyamba. Anali kamayi kakang'ono, katakhala mwaufumu ngati anthu a m'buku aja, koma m'manja katanyamula pilo m'mwamba. Pansi pake panagona chimunthu cha dazi, mimba kumwamba, kukamwa yasa. Ndinayang'ana chithunzi, ndinayang'ana agogo. Ndinawafunsa kuti malembawo akuti chiyani. Anati woyamba kuwerenga akhale mwana wawo.

Masiku onsewo madamu sanatchule medikolo. Ankatsika, kudya, kuthokoza, kukwera. Ndinkawayang'ana zala.

Tsiku lija litafika, madamu sanatsegule kompyuta. Anatsika m'mawa atavala zakuda, n'kundiuza kuti lero aphika okha chakudya chimene mayi awo ankakonda. Anatulutsa nsomba ndi ndiwo zamasamba. Kenaka anakoka mpando n'kukwera, kulunjika kabati ya pamwamba. Ine ndinali ndi mwana kumsana. Anatsitsa nsalu yabuluu, anamasula, n'kupeza thireyi ya maluwa yothothoka utoto.

Sanakalipe. Anatsika pampando bwinobwino.

"Thabwa lili kuti?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Koma m'nyumba yotsekedwa, ya anthu atatu ndi khanda, bodza lilibe kothawira. Ndinagwada ndi mwana kumsana n'kunena zonse, kuyambira bulichi, waya, dzuwa, mpaka thireyi. Ndinati wolakwa ndine, agogo angondithandiza kubisa manyazi.

"Thabwa limenelo anandipatsa ndi mayi anga pamene ndinkakwatiwa," anatero madamu, mawu ali pansipansi. "Ndinkaliumira. Ndinkati ndidzayamba kuligwiritsa ntchito akadzabwera kudzandiona kuno. Sanabwere."

Mawu amenewo anandilasa kuposa chala chilichonse. Pansi penipeni m'sutikesi yanga, m'chipinda cha kuseri, munali chitenje cha malemu mayi anga. Ndinayenda nacho kuchokera ku Zomba, sindinachivalepo, sindinachichapepo, ndipo munthu akanachitenga kukapukutira pansi chifukwa choti sindichigwiritsa ntchito ndikanamuluma. Ine ndemwe ndinayenera kudziwa tanthauzo la chinthu chokulungidwa bwino chimene mwini wake sachikhudza. Ndinachita manyazi osaneneka, ndipo ndinaona kuti akandichotsa ntchito sanandilakwire.

Dzanja la madamu linali litayamba kukwera pamene agogo analowa. Anali atavala epuloni yanga, thabwa lakuda bii lili m'manja, burashi ndi kapu ya phala zili pamwamba. Madamu ataona thabwalo anatulutsa mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Chijapanizi sindimva, koma mwana wamkazi akamakalipira bambo ake sipafunika womasulira. Anakalipa mpaka khanda linadzuka kumsana kwanga. Agogo anaika thabwa patebulo la kukhitchini, anadontheza inki ndi phala, n'kuyamba kupaka mozungulira, pang'onopang'ono, ngati m'khitchinimo ali okha. Kenaka anandikodola. Ndinadzuka, ndinatenga pepala lachinyontho n'kulowetsa ngodya yake m'kamphako kaja monga anandiphunzitsira. Agogo anatenga kambale kodindira, n'kukapereka kwa mwana wawo.

Ndinaganiza kuti awagenda nako. Anakayang'ana, anakanunkhiza n'kukwinya mphuno chifukwa cha nsatsi, kenaka anayamba kutikita. Dzanja lawo linkadziwa njira. Kunapezeka kuti ali mwana ankawathandiza bambo awo ntchito yomweyi. Ankatikita mwaukali, mano ali gwa, moti mizere yakuda inayamba kuonekera kumsana kwa pepala. Atamaliza anagwira ngodya n'kusenda.

Anayang'ana chithunzi. Anawerenga malemba, milomo ikuyenda. Kenaka kunatuluka kaphokoso m'mphuno, konga ka nkhumba yaing'ono, ndipo madamu anga, amene zaka ziwiri sindinawaonepo mano a m'mbali, anaseka mpaka kugwira tebulo. Kuseka kuja kunasanduka kulira osadutsa pena paliponse. Agogo anachotsa pepala m'manja mwawo kuti misozi isagwerepo, ndipo anaima pambali pawo, mapewa akugundana.

Patapita nthawi madamu anapukuta m'maso n'kundiwerengera m'Chingerezi. M'chinenero chathu ndimainena chonchi:

Zaka makumi anayi
sindinalawe tulo
ndi mkonono wakowu.
Lero ndikagona ndekha.
Nanga adzakugunyuza ndani?

Ndinaseka, ndinalira, mwana kumsana nayenso analowerera. Bambo ndi mwana wake anayambiranso kukangana, koma tsopano kunali kukangana kwa anthu a m'nyumba imodzi, kolankhula onse nthawi imodzi, kolozana ndi burashi. Pambuyo pake madamu anandiuza kuti ankafunsa bambo awo chifukwa chake sanapemphe thabwalo, agogo n'kuyankha kuti akanapempha akanakanizidwa. Agogo anatinso thabwalo anakagula limodzi ndi malemu, ndipo malemuwo ali m'sitolo momwemo ananena kuti mwana ameneyu ndikumudziwa, akaliika m'kabati mpaka lidzamere masamba.

Anadinda masamba ena angapo, a anzawo a m'gulu aja. Kenaka madamu anapukuta inki ndi kansalu konyowa, mofatsa ngati akusambitsa khanda. Anayala thawulo patebulo, anatembenuza thabwa, mayi awo n'kuyang'ana pansi. Kumsana kunali kosalala, kosakhudzidwa. Anaikapo nsomba ija, anatenga mpeni, anapuma kamodzi, n'kudula.

Ine ndinaima pa sinki ndikudikira chiweruzo changa. Tinadya, agogo anakagona, ndege yathu ya m'nyumba inanyamuka monga mwa masiku onse. Madamu anamvetsera mkononowo kwa kanthawi, n'kupukusa mutu. Nditatambasula dzanja kuti nditenge thabwa ndikatsuke, anandigwira pamkono.

"Ili usalikhudze. Ngakhale lide bwanji. Ndizitsuka ndekha."

"Chabwino, madamu."

"Ndipo waya uja undipatse."

Ndinakautenga n'kuupereka ndi manja awiri. Anauponya m'bini. Kenaka, atandifulatira, akutsegula mpopi, anati, "Ku medikolo atsegula. Tipite Lachiwiri m'mawa. Uvale masiki."

Ndinati zikomo. Ndinapita kuchipinda kwanga, ndinatseka chitseko, n'kuvina pang'ono popanda nyimbo.

Agogo anakwera ndege yoyamba imene inapezeka, masamba awo ali pakati pa makatoni awiri. Anandisiyira limodzi, ndi thabwa lopindika lija, kuti ndiziphunzirapo kusema popeza kuliononga kuposa pamenepo sikungatheke. Koma zimenezo zinachitika pambuyo pake.

Lachiwiri lija ndinadzuka m'mawa, ndinasamba, ndinakoka sutikesi pansi pa bedi. Ndinafukula mpaka pansi. Chitenje cha mayi chinali ndi mizere ya mapindidwe imene simbi inalephera kuithetsa, ndipo chinkanunkha sutikesi. Ndinachimanga m'chiuno pamwamba pa diresi. Madamu anali kale m'galimoto, injini ikulira. Nditalowa anandiyang'ana pagalasi.

"Chokongola. N'chatsopano?"

"Ayi madamu, n'cha mayi anga," ndinatero. "Lero ndi loyamba kuchivala."